Mapasipoti Ali kwa Haji Tijani

"Ine ndikufunsa za mapasipoti, bambo a Mashair. Za Mulungu tikambirana kenako."

"Ndakuyankha kale. Ali kwa munthu wabwino."

Igbal anali chiimire pakati pa chipinda, chitini cha mabisiketi chili m'manja. M'chitinimo ndi mmene munkagona mapasipoti atatu, yake, ya mwamuna wake Mirghani ndi ya mwana wawo Mashair, chifikireni ku Cairo kuthawa nkhondo ya kwawo ku Sudan. Mmawa umenewo anachivundukula kuti aonenso tsiku limene chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chithere. Anapezamo kamphira komangira kokha.

"Munthu wabwinoyo alibe dzina?"

"Haji Tijani," anatero Mirghani, maso ali m'kapu ya tiyi. "Ndinamupatsa dzana. M'masiku khumi okha atibweretsera onse atatu atadindidwa. Ali ndi munthu wake m'kati mwa ofesi ya zilolezo muja. Kapena ukufuna ndikaimenso pamzere uja kuyambira m'bandakucha, kuti dzuwa likamalowa andiuze kuti ndibwere mwezi wamawa? Iwe sunaimepo pamzere uja. Munthu amakomoka ali chiimire, malo ogwera osawapeza."

"Ndiye Haji Tijaniyo amagwira ntchitoyi ulere, chifukwa chokonda Mulungu?"

Mirghani anapsontha tiyi amene anali atatha kale m'kapumo. Igbal sanadikire yankho. Anathamangira kukhitchini n'kupisa dzanja m'thumba la therere louma. Zibangili zake zagolide za paukwati zinali zinayi, ndipo anadutsa nazo pamalo onse a asilikali zitakwiririka m'therere lomwelo, iye atalikumbatira m'basi masiku atatu. Dzanja linatuluka ndi ziwiri.

"Asilikali analephera kundilanda," anatero atabwerera. "Mwandilanda ndinu, m'nyumba mwanga momwe. Chabwino. Ndionetseni pepala limene walemba kuti walandira mapasipoti atatu ndi golide wanga."

"Pepala?" Mirghani anadzambatuka pampando. "Mkazi iwe, mutu ukuyenda bwino? Tinawerenga pemphero la Fatiha! Mnzanga Awad analipo, anakweza manja limodzi nafe. Munthu wapita ku Makka kawiri, amapemphera mzere woyamba, ine ndimuuze kuti lemba apa? Ndimutche wakuba pamaso pa anthu?"

Ndi mmene tilili ife akwathu, ndipo sindikunena monyadira. Amuna akagwirana chanza n'kutambasula zikhatho kuwerenga Fatiha, nkhani yatha, ndipo wopempha pepala pambuyo pake ndiye wosaleredwa bwino. Kwathu ku Omdurman zimenezi zinkatheka, chifukwa munthu unkadziwa khomo la mayi ake ndi manda a agogo ake. Amuna athu analongedza mwambowo m'sutikesi n'kubwera nawo kuno, kumene munthu umangomudziwa nduwira ndi nambala ya foni.

"Chilolezo chikutha m'masabata anayi," anatero Igbal. "Mashair amakwera minibasi tsiku lililonse popita kusukulu. Apolisi akaimitsa minibasiyo n'kunena kuti tione mapepala, aonetsa chiyani? Fatiha? Mukufuna mwana wanga amubweze kumene tinathawa?"

"Masiku khumi okha. Ukadzaona chidindo udzandipepesa wekha."

Masiku khumi anakwana n'kupitirira. Lachisanu lina, atatuluka mu mzikiti, Haji Tijani anabwera kudzadya. Anali munthu wa thupi lake, mkanjo woyera wositidwa bwino, ndevu zonunkhira mafuta okwera mtengo. Ankang'amba kisira, mkate wopyapyala wa kwathu, n'kususa m'therere akutamanda Mulungu pa chidutswa chilichonse, ndipo nyama yonse ya m'mbalemo inkasocherera kumbali kwake. Amuna akamadya, malo a Igbal anali kukhitchini, choncho anayankhulira kuseri kwa chitseko.

"Haji, pepani kukudulani pakudya. Mapasipoti athu afika pati?"

"Aaa, mlongo wanga! Dzanja lanu lidalitsike, therere ili landikumbutsa malemu mayi anga. Mapasipoti ali patebulo pa bwana mwiniwake. Kungoti munthu wanga uja wafedwa, wapita kumudzi. Mawa, mkuja, Mulungu akalola."

"Mulungu analola kale, Haji. Amene tikudikira ndinu."

"Igbal!" anakalipa Mirghani.

Haji anangoseka n'kunyambita zala. "Musiyeni, m'bale wanga. Amayi mitima yawo siichedwa kuuluka, anawalenga choncho. Kodi katiyi kalipo?"

Ndalama ya ndiwo Igbal ankaipeza pojambula akazi anzake maluwa a utoto wa hina m'manja ndi m'mapazi. Lachiwiri lotsatira kunabwera Nafisa, mkazi wa Awad uja amene anakumanitsa Mirghani ndi Haji. Masiku onsewa Nafisa ankamuzemba Igbal pamsika, koma mphwake ankakwatiwa Loweruka, ndipo m'dera lonse la Faisal munalibe dzanja lojambula maluwa ngati la Igbal. Igbal anamukhazika pabedi, miyendo pamtsamiro, n'kuyamba ntchito akucheza za kukwera mtengo kwa shuga. Anadikira mpaka mapazi onse ndi manja onse zitadzaza hina yaiwisi. Mkazi wopakidwa hina sangaime, sanganyamule chikwama, sangakande ngakhale mphuno mpaka iume, apo ayi akalowa muukwati ali mathothomathotho. Pamenepo Igbal anasamba m'manja, n'kukoka mpando kukhala moyang'anizana naye.

"Nafisa, mchemwali wanga, ndikufuna ndione chidindo chimene Haji Tijani anakupezerani."

"Ii, pasipoti ndimayenda nayo ngati? Ili kunyumba."

"Tipitira limodzi hina ikauma. Lero ndilibe kopita."

Nafisa anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana mapazi ake. Anayesa kuseka, kusekako osatheka. Kenako misozi inayamba kutsika, iye osatha kuipukuta.

"Kulibe chidindo, Igbal. Kulibe munthu wa m'kati. Ife anatisungira miyezi iwiri, mawa, mkuja, mawa, mkuja. Ndolo zanga zinapita, mkanda wa apongozi unapita. Awad atakamugwadira, Haji anamuuza kuti golide anadya kale akuluakulu, koma mapasipoti ndikubwezera ukandibweretsera banja lina."

"Banja linalo ndife."

"Ndikhululukire. Ndili ndi ana anayi, ndikanatani?"

"Nanga inuyo anakuperekani ndani?"

"Mkulu uja amasonkhetsa za maliro. Iyenso anamupereka wina. Mzere woyamba wonse wa mu mzikiti unadutsa m'manja mwake, ndipo onse akudziwa. Palibe angatsegule pakamwa. Aliyense anagulitsa mnzake, komanso ndi mwamuna uti angaime pagulu n'kunena kuti ine anandipusitsa? Bola afe nazo."

Igbal anakumbukira mbale ya makeke imene Nafisa anabwera nayo sabata yomwe mapasipoti anachoka m'chitini, akumupsompsona masaya onse awiri n'kumamutcha m'bale wa bere limodzi. Hina itauma anamusambitsa bwinobwino monga amachitira aliyense, chifukwa ntchito ndi ntchito. Nafisa atatulutsa ndalama, Igbal anaikankha.

"Sunga. Ukagulire banja lotsatira makeke."

Madzulo Mirghani atabwera kuchokera kusitolo ya nsalu kumene ankanyamula makatoni, Igbal anamukhuthulira zonse asanakhale n'pansi pomwe. Ankayembekeza kuti alumpha, atukwana, atuluka kukamugwira Haji pakhosi. Mwamunayo anangokhala pampando n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono.

"Mukudziwa kale," anatero Igbal.

"Haji anandiuza Lamlungu."

"Ndiye mwakhala nazo chete masiku awiri, kumadya, kumagona? Valaninso nsapatozo, tiyeni kupolisi."

"Titanyamula chiyani? Akatifunsa mapepala athu tisanamalize n'moni womwe. Tikalowa ngati odandaula, tikatulukira m'galimoto yopita kumalire. Komanso ukufuna eni dziko atiseke kuti a ku Sudan akudyana okhaokha? Nkhani zathu zimathera m'nyumba."

"Zathera m'nyumba zingati tsopano?"

Mirghani anaika nsapato pansi pa mpando, n'kuziwongola bwino kuti zifanane.

"Lachisanu uphike zambiri," anatero kenako. "Kubwera alendo."

"Ndani?"

"Haji. Ndi Batoul."

Batoul anali mkazi wamasiye wa ku Wad Madani, ku Sudan komweko. Anafika mwezi umodzi wapitawo ndi ana atatu, n'kupeza kachipinda ka padenga panyumba yoyandikana nawo. Mwamuna wake anamuika m'manda pabwalo la nyumba yawo chifukwa msewu wa kumanda unali wosadutsika. Tsiku limene anafika, Igbal ndi amene anamupatsa poto ndi bulangeti.

"Mirghani!" Pazaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati anali asanamutchulepo dzina pamaso. "Mkazi wamasiye? Wa ana atatu?"

"Iyenso akapeza wina! Anthu akutsika m'mabasi tsiku ndi tsiku. Miyezi iwiri yokha, mapasipoti ake abwerera, sanafe aliyense. Ife tatsala ndi masiku khumi. Ukuganiza kuti ine zikundikomera? Ndakhala ndikusakasaka wina, koma amuna onse amene ndikuwadziwa anadutsamo kale."

"Ndiye mwapeza wopanda womuyankhulira. Mwamuna wanzeru bwanji! Mayi anu akanakhala moyo akanaimba nthungululu."

"Mayi anga uwasiye! Poti ndiwe woyera mtima, sankha wekha: ana a Batoul kapena Mashair?"

Chimene chinamunyansa Igbal kwambiri n'chakuti funsolo linamulowa. Anayenda nalo masiku atatu. Mmawa uliwonse ankaima pazenera kuyang'ana Mashair akukwera minibasi, chikwama cha mabuku kumsana, mopanda pepala lililonse m'thumba, ndipo mtima sunkakhala m'malo mpaka amve phazi la mwanayo pamasitepe. Kawiri konse anafunda nsalu kuti akamuchenjeze Batoul, kawiri konse anabwerera pakhomo. Lachisanu litakwana anadzuka n'kuphika.

Amuna anadyera m'chipinda chochezera, akazi kukhitchini. Ana a Batoul anatsala padenga ndi Mashair. Batoul anali mkazi wochepa thupi, woyankhula motsitsa, ndipo ankadya mwamanyazi, akuthokoza pa chilichonse. Atasamba m'manja anatulutsa pachifuwa kajumbo ka pulasitiki. Munali mapasipoti anayi ndi kampango komanga mfundo.

"Muli mphete imene malemu anandiveka, ndi ndolo za mwana wanga wamkulu," anatero. "Ndinalumbira kuti mpheteyi ndidzafa nayo, koma ana sangabisale m'mphete. Mulungu akudalitseni inu ndi amuna anu, achemwali. Chifikireni kuno ndayamba kugona tulo sabata ino."

Igbal anatembenukira kumoto ngati akuona tiyi.

"Igbal!" anaitana Mirghani. "Bwera ndi tiyi, utengenso katundu wa mlongo wathu. Haji akufuna tiwerenge Fatiha."

Anaika kajumboko pathireyi pambali pa makapu, n'kulowa. Haji anali atatsamira khoma, akutokosa m'mano. Pabondo pake panali envelopu ya khaki yosamata, ndipo Igbal anazindikira pasipoti ya Mashair chifukwa cha kaduwa ka pepala kamene mwanayo anamata pachikuto. Munthuyo anali atabwera nawo kudzasinthanitsa pompo, mopanda n'manyazi omwe. Kuchokera pamene Igbal anaima kufika pabondolo panali mapazi awiri okha.

Anatula makapu. Kajumbo kaja anakatenga n'kukapana kukhwapa.

"Batoul, bwera kuno umve ndi makutu ako."

Batoul anasuzumira pakhomo, akukoka nsalu kuphimba kumutu.

"Munthu uyu ndi wakuba," anatero Igbal, akuloza nduwira ndi chala. "Alibe munthu m'kati mwa ofesi iliyonse. Atenga mphete yako, asunga mapasipoti ako, ndipo sadzakubwezera mpaka utamupatsa banja lina. Ife anatigulitsa Awad. Lero amuna anga akugulitsa iwe, ndipo ine ndaphika chakudya cha pamsikawo. Tenga katundu wako uzipita."

Mirghani anali zyolizyoli. Haji Tijani sanakwiye ngakhale pang'ono, ndipo kusakwiya kwakeko n'kumene kunasonyeza kuti aka sikanali koyamba. Anatenga envelopu ija n'kuilowetsa m'thumba la mkanjo, kenako anathira shuga masupuni atatu m'tiyi.

"Mulungu akukhululukireni, mlongo wanga," anatero mofatsa. "Nkhondo inatisokoneza mitu tonse. Ine ndatukwanidwapo ndi anthu ambiri amene lero akuyenda mumsewu mosaopa wapolisi." Anatembenukira kwa Batoul. "Mwana wanga, ine sindikakamiza munthu. Munthu wanga ali ndi mpata umodzi wokha sabata ino, ndipo ndinati ndiupereke kwa ana amasiye, a nyumba ino adikireko pang'ono. Zikuoneka kuti ena zawawawa kuti mudutse iwo asanadutse. Usamvere ine. Pita ku mzikiti ukafunse mwamuna aliyense amene ungamufune. Funsa Awad. Funsa mwininyumba ali apayu."

Batoul anayang'ana Igbal, n'kuyang'ana Mirghani.

"Achimwene, akazi anu akunena zoona?"

Mirghani anadzutsa mutu. Maso ake sanapite kwa Batoul, kapena kwa mkazi wake. Anapita pathumba la mkanjo wa Haji.

"Haji ndi munthu wa Mulungu," anatero. "Mkazi wangayu watopa, masiku ano sakugona bwino. Mumukhululukire."

"Batoul, ndikulumbira pa moyo wa mwana wanga!"

"Musalumbire, achemwali." Batoul anasolola kajumbo kaja kukhwapa kwa Igbal, ndipo anakasolola mwamphamvu. "Ndimayesa mumandifunira zabwino. Inu muli ndi mwamuna wokuyenderani, ine ndilibe. Mpata umodzi womwewu mukundichitira nawo nsanje? Poto wanu ndi bulangeti ndikutumizirani lero lomwe."

Anagwada n'kuika kajumboko m'manja mwa Haji ndi manja awiri. Haji anatambasula zikhatho, Mirghani anatambasula zake, Batoul nayenso. Igbal anaima pomwepo manja ali lende, akumva mawu opatulika amene mayi ake anamuphunzitsa ali mwana akutuluka m'kamwa monona ndi mafuta a nyama yake. Pomaliza, amene anati amina mokweza kuposa onse anali mwamuna wake.

Batoul anatuluka osatsanzika. Haji anamaliza tiyi wake osafulumira, anapempha madzi otsukira m'kamwa, n'kuvala nsapato. Ali pakhomo anatulutsa envelopu ija n'kuiponya pampando.

"Ine ndikalonjeza sindibweza mawu," anatero. "Koma m'bale wanga, mkazi wakoyu umupezere mankhwala."

Chitseko chisanatsekeke n'komwe Mirghani anali atailumphira kale. Anatulutsa mapasipotiwo, kuwapsompsona, kuwagunditsa pamphumi. "Tapulumuka! Igbal, tapulumuka, ukuona?" Igbal anamulanda ya Mashair n'kuitsegula tsamba ndi tsamba. Munalibe chidindo chatsopano, munalibe kanthu, inkangonunkha mafuta a ndevu. Koma ataigwira m'manja mtima wake unakhala pansi, mapewa anamasuka, mpweya unalowa bwino kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. Anadzimva akupuma choncho ndipo anadzinyansa kuposa mmene ananyansidwira ndi amuna awiri aja. Anapita kukhitchini n'kutaya chakudya chonse chotsala m'bini, ngakhale kuti nyama yake inali ya ndalama ya hina ya sabata yathunthu.

Lamlungu, tsiku limene maofesi a kuno amatsegula, Mirghani anakaima pamzere uja. Anaimapo masiku atatu, n'kubwera ndi kapepala kosonyeza kuti apempha chilolezo, kamene Mashair ankayenda nako m'chikwama. Zinali zomwezo basi, masiku atatu a miyendo yotupa. Lachisanu anapita ku mzikiti atavala mkanjo wochapa, ndipo amuna a mzere woyamba anamufutukira malo. M'nyumbamo Igbal ankamuikira chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini. Atamufunsa kuti akwiya mpaka liti, anamuyankha kuti sanakwiye, kungoti akamuona akutafuna chakudya chimabwerera.

Kawiri anakwera kudenga kuja kuti akaonane ndi Batoul, koma chitseko sichinatsegulidwe. Patatha masabata anayi, dzuwa lili paliwombo, kunamveka kugogoda kofooka. Igbal atatsegula anapeza Batoul ali pamasitepe, ataonda kuposa kale, milomo itauma.

"Munkanena zoona, achemwali," anatero, maso ali pansi.

"Lowa, Batoul. Lowa ukhale pansi, tione chochita. Nafisa akhoza kuyankhula, ine ndiyankhula, tikakhala akazi atatu kapena anayi..."

"Sindinabwerere zimenezo." Batoul anasuzumira m'munsi mwa masitepe ngati kuli womvera. Kenako anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Inu mumajambula hina akazi ambiri, ena ongofika kumene. Simukudziwako banja lililonse, achemwali? Ngakhale laling'ono. Haji wati ngakhale la anthu awiri alandira."